"NDASIYA M'MANJA MWANU": CAKUDYA CA KU JAPAN CIMENE MLENDO SASANKHA

Wolemba: Mtola Nkhani Wathu

Munthu wocokera mu mzinda wa Lusaka kulinga kum'mawa pa mseu wa Great East Road, akapitirira mphambano yopita ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, afika pa Silverest, m'boma la Chongwe, dziko la Asoli a mfumu yaikulu Nkomeshya. Akulu-akulu akumbukira kuti malo amenewa anali mapulazi ndi chire lodyetsako ng'ombe. Lero pali nyumba za njerwa zocingidwa ndi mipanda, masitolo, ndiponso nthambi ya University of Lusaka. Anyamata ndi atsikana ambiri a m'midzi yozungulira alawira m'mamawa kukagwira nchito m'mahotela ndi m'nyumba zodyeramo za m'tauni, ndipo madzulo abwera ndi nkhani zimene makolo ao alephera kuzikhulupirira.

Imodzi ya nkhani zimenezi ndi yakuti anthu a ndalama mu Lusaka ayamba kudya nsomba yaiwisi yosanjikidwa pa kambamu ka mpunga, ndipo mbale imodzi ailipira kopambana mtengo wa nkhuku yathunthu. Nkhaniyi ndi yoona. Cakudyaco acichula kuti sushi, ndipo kwao ndi ku Japan, dziko la zisumbu la kum'mawa kwa Asia. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti nsomba iphikidwa, iwambidwa kapena iyanikidwa, kumva zotere kucititsa nseru. Koma anzathu olankhula Cibemba ali ndi mwambi wonena kuti mwana wosayenda ayesa kuti amake okha ndiwo adziwa kuphika nsima. Tsono tisanalavule malovu, tiyeni tione mmene eni ake acidyera, maka-maka m'nyumba zodyeramo zapamwamba zedi kumene atsata mwambo wochedwa omakase.

Dziko la Japan si lacilendo kwa ife. Pa 24 October 1964, tsiku limene Zambia analandira ufulu, masewera a Olympic anali kutsekedwa mu mzinda wa Tokyo, ndipo osewera athu amene analowa m'masewerawo ndi dzina la Northern Rhodesia anaguba pa tsikulo ndi dzina latsopano la Zambia. Sukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia, imene ili pa mseu womwewu wa Great East Road, inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan, ndipo mu Lusaka muli mseu wochedwa Tokyo Way. Galimoto zambiri zonyamula anthu pakati pa Chongwe ndi Lusaka zinapangidwa komweko. Cakudya cao ndico cafika pambuyo.

TANTHAUZO LA DZINA

Mau akuti omakase m'Cijapani atanthauza kuti "ndasiya m'manja mwanu". M'nyumba zodyeramo zimene tizidziwa, mlendo apatsidwa pepala la maina a zakudya ndi mitengo yake, iye nasankha cimene mtima wake wafuna. Pa omakase sizitero ai. Mlendo angokhala pansi, ndipo mmisiri wa cakudya ndiye asankha nsomba yoyamba, yotsatira ndi yotsiriza, malinga ndi zimene wapeza pa msika m'mawa wa tsikulo. Cimene mlendo ayenera kunena ndi ici cokha: ngati pali cakudya cimene cimdwalitsa kapena cimene sadya, anene asanayambe.

Kwa munthu wa kumudzi palibe codabwitsa pamenepa. Kodi ndani anafika pa khomo la mwini nayamba kulamula ndiwo? Mlendo apatsidwa madzi osamba m'manja, nadya cimene amai a pa nyumbapo amkonzera. Amaiwo ndiwo adziwa kuti mvula ikayamba kuli inswa ndi bowa, m'dzinja muli mkhwani ndi therere, ndipo m'malimwe muli mfutso. Mlendo sawaphunzitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi mlendo salipira kanthu, pamene ku Tokyo alipira ndalama zocititsa mantha. Nanga agula ciani ndi ndalama zimenezo?

MMENE CAKUDYA CIYENDERA

Nyumba zambiri za omakase ndi zazing'ono. Zina zili ndi mipando isanu ndi itatu kapena khumi basi, yondandalikidwa kutsogolo kwa thebulo limodzi lalitali la matabwa a mtengo wochedwa hinoki, losapakidwa utoto, limene alikweca tsiku ndi tsiku. Mmisiri, amene achedwa itamae, ndiko kunena kuti woima patsogolo pa thabwa, aima tsidya lina la thebulolo, ndipo nchito yake aicita mlendo akupenya. Mpeni wake, manja ake ndi nsalu yake yopukutira, zonse zili poyera.

Mlendo ayamba walandira kansalu konyowa kofunda kopukutira m'manja. Kenaka mmisiri adula kacidutswa ka nsomba kotalika ngati cala, atapa mpunga, auumba mofulumira monga mmene tiumbira mbamu ya nsima, apaka pang'ono muzu wowawa wochedwa wasabi, nasanjika nsomba pamwamba pake. Pomaliza apaka msuzi wa soya ndi kaburashi, naika pamaso pa mlendo. Mpungawo ndi wa maso afupi-afupi ndiponso womata, wosiyana ndi wathu wa ku Chama kapena wa ku Mongu, ndipo authira viniga ndi mcere, ena ndi shuga pang'ono. Suyenera kukhala wozizira kapena wotentha, koma wofunda monga thupi la munthu. Ndico cifukwa cake mlendo adya kambamu konse nthawi yomweyo, osaluma pakati ndiponso osadikira anzake. Kudya ndi manja n'kololedwa ndithu, ngakhale kuti ambiri adya ndi timitengo tiwiri.

Mbamu zibwera imodzi-imodzi, ndipo zikwana 15 kapena 20. Nthawi zambiri ayamba ndi nsomba zoyera zopanda mafuta, kuti lilime lisatope msanga. Pambuyo pake ibwera tuna, nsomba yaikulu ya m'nyanja yamcere imene mnofu wake ndi wofiira ngati wa ng'ombe: poyamba mnofu wopanda mafuta, kenaka wa mafuta pang'ono, ndipo potsiriza wa kumimba, wochedwa otoro, umene usungunuka m'kamwa. Zitsatira nsomba zazing'ono zonyezimira zonyikidwa mu mcere ndi viniga, nkhanu za m'nyanja, mazira a nsomba, ndiponso mkunga wa m'nyanja yamcere wophikidwa mpaka kufewa. Pakati pa mbamu ndi inzake mlendo atafuna kacidutswa ka jinja wonyikidwa mu viniga, kuti acotse m'kamwa kukoma kwa nsomba yapitayo. Cotsekera ndi dzira lokazinga lotsekemera looneka ngati keke, ndi tiyi wobiriwira wopanda shuga.

Mlendo nayenso ali ndi miyambo yoti aisunge. Safika mocedwa, pakuti nsomba yake inagulidwa kale m'mawa ndipo mpunga unaphikidwa molingana ndi ola lake. Sadzola mafuta onunkhira kwambiri, kuopa kuononga fungo la cakudya ca anzake. Saonjeza msuzi pa cimene mmisiri wakonza, popeza kutero kuli ngati kuuza apongozi kuti ndiwo zao sizinakolere mcere. Ndipo ku Japan sapatsa wogwira nchito ndalama yapadera pamwamba pa mtengo monga acitira m'mahotela a kuno. Kuthokoza ndi pakamwa n'kokwanira.

CIYAMBI CAKE

Cakudya ca anthu olemera cimeneci cinayamba monga njira ya anthu wamba yosungira nsomba. Kale-kale, m'maiko olima mpunga a kum'mwera cakum'mawa kwa Asia, anthu anali kuthira mcere pa nsomba ndi kuikwirira mu mpunga wophika kwa miyezi yambiri. Mpunga unali kusasa, ndipo kusasako kunali kuletsa nsomba kuola. Pofuna kudya anali kutaya mpunga ndi kudya nsomba yokha. Njirayi inafika ku Japan zaka zopitirira 1,000 zapitazo, ndipo kufikira lero anthu a m'mbali mwa nyanja ya Biwa akali kukonza nsomba motere. M'kupita kwa nthawi anthu anayamba kuthira viniga mu mpunga kuti asadikire miyezi.

Sushi ya mbamu imene tafotokozayi inabadwira mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, m'zaka za m'ma 1820, ndipo munthu amene achulidwa kawiri-kawiri monga woiyambitsa ndi Hanaya Yohei. Inali cakudya ca m'mbali mwa mseu, codyedwa ciimire ndi amisiri ndi amtengatenga, monga mmene ife tigulira cimanga coocha kapena vitumbuwa pokwerera basi. Pa nthawiyo kunalibe firiji, kotero nsomba zambiri sizinali zaziwisi kweni-kweni: zina anali kuzinyika mu msuzi wa soya, zina mu mcere ndi viniga, ndipo zina anali kuziphika. Luso limenelo amisiri alisunga kufikira lero. Civomezi cacikulu ca mu 1923 citagwetsa Tokyo, amisiri ambiri anabalalika kupita ku mizinda ina, ndipo cakudyaco cinafalikira m'dziko lonse.

Mnofu wa kumimba wa tuna, umene lero ndiwo wodula kopambana, kale unali kunyozedwa popeza unali kuola msanga. Unayamba kulemekezeka pamene mafiriji anafika. Ifenso taziona zotere: cikanda ndi nkhuku ya kumudzi, zimene ena anali kucita nazo manyazi m'tauni, lero zidyedwa m'mahotela akulu-akulu a mu Lusaka, ndipo nkhuku ya kumudzi idula kuposa ya cizungu. Mu 2013 bungwe la UNESCO linalemba kaphikidwe ka makolo ka ku Japan pa mndandanda wa cuma ca miyambo ca anthu a pa dziko lonse, ndipo mu 2017 linalembanso nsima ya abale athu a ku Malawi pa mndandanda womwewo.

ZAKA KHUMI ZA KUPHUNZIRA

Mnyamata wofuna kukhala mmisiri wa sushi mwa njira ya makolo sakhudza nsomba m'zaka zake zoyamba. Atsuka mbale, akolopa pansi, afinya tinsalu ta alendo, napenyetsetsa mmene mphunzitsi wake agwirira mpeni. Eni ake amanena kuti kudziwa kuphika mpunga kutenga zaka zitatu, ndipo kudziwa kuumba mbamu kutenga zaka zisanu ndi zitatu. Masiku ano kuli masukulu ophunzitsa nchitoyi m'miyezi yowerengeka, koma nyumba zochuka zikali kulemekeza munthu amene anapirira zaka khumi pansi pa mphunzitsi.

Mmisiri wodziwika kopambana kunja kwa Japan ndi Jiro Ono, amene anabadwa mu 1925. Anachuka ndi nyumba yake ya mipando khumi yokha, Sukiyabashi Jiro, m'cipinda ca pansi pa nthaka pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Ginza mu Tokyo. Mu 2011 kunatuluka filimu yonena za moyo wake, yochedwa Jiro Dreams of Sushi, imene inaonetsa nkhalambayo ili ndi zaka 85 ikugwirabe nchito ciimire. M'filimumo wophunzira wina afotokoza kuti anakazinga dzira lotsekera cakudya lija nthawi ngati 200 mphunzitsi akulikana, ndipo tsiku limene analivomera mnyamatayo analira misozi. Mu April 2014 nduna yaikulu ya Japan, a Shinzo Abe, anatengera pulezidenti wa America, a Barack Obama, kukadya pa thebulo lomwelo. Pa nthawi ya filimuyo cakudya ca munthu mmodzi cinali kuyambira pa ma yen 30,000, ndiwo madola a ku America opitirira 300, ndalama zogulira mbuzi zingapo, pamene kudya kwake kunali kutha ngati m'theka la ola.

KUCOKERA KU NYANJA KUFIKA PA THEBULO

Luso la manja lokha silikwanira ngati nsomba ili yoipa. Ndiye cifukwa cake m'bandakuca mmisiri kapena mwana wake apita yekha ku msika. Msika waukulu wa nsomba mu Tokyo unali pa Tsukiji kuyambira mu 1935, ndipo mu October 2018 unasamukira ku Toyosu. Kumeneko mmisiri ali ndi wamalonda wake wa tuna, wina wa nkhanu, wina wa mkunga, ndipo ubale wao ukhala wa zaka zambiri. Motero mlendo akhulupirira mmisiri, mmisiri akhulupirira wamalonda, ndipo wamalonda akhulupirira msodzi. Mmodzi akanama, onse agwa naye.

Msodzi nayenso ali ndi njira yake yochedwa ikejime. Nsomba ikangotuluka m'madzi aibaya m'mutu kuti ife nthawi yomweyo osaphiriphitha, aicotsa magazi, naiika mu aisi. Nsomba yofa movutika pa dzuwa mnofu wake uonongeka msanga, koma yophedwa motere ikhala yabwino masiku angapo. Zombo zopita kutali ziumitsa tuna pa kuzizira kwa madigiri 60 pansi pa ziro.

Pa malonda oyamba a caka ca 2019 pa Toyosu, mwini wa nyumba zambiri za sushi, a Kiyoshi Kimura, anagula tuna imodzi yolemera makilogalamu 278 pa mtengo wa ma yen 333.6 miliyoni, ndiwo madola opitirira 3 miliyoni. Mtengo wotere ndi wodzichukitsa nao pa ciyambi ca caka, si wa masiku onse. Komabe nkhuli ya nsombayi inafika pakuti tuna ya mtundu wa bluefin ya m'nyanja ya Pacific inacepa koopsa, mpaka maiko anapangana kuika malire pa kagwidwe kake, maka-maka ka zazing'ono, ndipo pambuyo pake inayambanso kuculuka. Nzeru yake ndi yomwe ija ya lamulo lathu loletsa kugwira nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, nthawi imene nsomba ziswana. Wogwira nsomba ndi ukonde wa udzudzu kapena wothira katupe m'madzi ali ngati mlimi wodya mbeu.

CENJEZO KWA OWERENGA

Pano tiyenera kunena mosabisa mau. Munthu asawerenge nkhaniyi n'kupita kukadula cambo kapena mlamba wa mu mtsinje wa Chongwe, wa Kafue kapena wa Luangwa kuti adye osaphika. Nsomba za m'madzi opanda mcere zikhoza kukhala ndi nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tilowa m'matumbo ndi m'ciwindi ca munthu. Ajapani omwewo kwa zaka zambiri anali kupewa kudya nsomba ya salmon yaiwisi poopa nyongolotsi, kufikira m'zaka za m'ma 1980 pamene amalonda a ku Norway anayamba kuwakopa ndi salmon yoweta. Nsomba ya m'nyanja yamcere nayonso ili ndi nyongolotsi yake yochedwa anisakis, ndipo malamulo a ku Ulaya afuna kuti nsomba yoti idyedwe yaiwisi iyambe yaumitsidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osacepera 24. Viniga, mandimu kapena mcere wa pa mbale siziipha nyongolotsiyi. Firiji ya pa nyumba, maka-maka kumene magetsi azima-zima, siingadaliridwe pa nchito imeneyi.

Nsomba youmitsidwa ya mackerel yocokera ku Namibia, imene ena aichula karapau, ndi mbale wake wa nsomba yochedwa aji imene amisiri a ku Tokyo aikonda kwambiri. Koma imene tigula m'masitolo yayenda ulendo wautali, ndipo palibe adziwa kuti yasungunuka kangati m'njira. Iphikidwe ndithu mpaka kupsa.

Tisaiwalenso matenda a kolera amene anabuka mu Lusaka mu October 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala ndipo mu January 2024 masukulu anacedwa kutsegulidwa. Madzi oipa ndi cakudya cosapsa ndizo njira zake. Amai apakati, ana ang'ono, okalamba ndi odwala asadye nsomba yaiwisi ngakhale m'hotela yochuka. Amene ali ndi ndalama nafuna kulawa sushi mu Lusaka asacite manyazi kufunsa kumene nsombayo yacokera ndi tsiku limene yafika, pakuti Zambia alibe nyanja yamcere, ndipo nsomba zotere zibwera pa ndeke kapena m'galimoto zoziziritsa.

PHUNZIRO KWA ALIMI NDI AMALONDA

Tsono mlimi wa ku Silverest, ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa apindulanji ndi nkhani ya cakudya cimene mwina sadzacilawa? Alimi ena m'boma la Chongwe akumba maiwe oweteramo nsomba, ndipo msika uli pa khomo: nyumba zatsopano za pa Silverest ndi mahotela a mu Lusaka. Ogula amenewa ndalama ali nazo, koma afuna munthu woti amkhulupirire. Zambiri zimene msodzi wa ku Japan acita sizifuna makina: kuvuula nsomba m'mawa kusanatenthe, kuipha msanga, kucotsa magazi ndi matumbo, kuitsuka ndi madzi oyera, kuiika mu aisi kapena pa mthunzi, ndi kuigulitsa tsiku lomwelo. Yotsala iwambidwe madzulo omwewo, osati kuiviika m'madzi mawa lake kuti ioneke ngati yatsopano. Wogula wocenjera ayang'ana maso a nsomba ngati ali owala, ayang'ana mopumira mwake m'mbali mwa mutu ngati muli mofiira, nadinikiza mnofu ndi cala kuti aone ngati ubwerera. Mukamnamiza kamodzi sabweranso, ndipo akauzanso anansi ake.

Amai ogulitsa nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa, ndi amai ophika nsima pa msika wa Chongwe, azidziwa kale zimenezi. Ambiri a iwo ali ndi ogula ao amene safunsanso kuti ndiwo n'zanji, angofika, nakhala pansi, nati, "Amai, ndipatseniko zimene mwaphika lero." Munthu wotere wanena omakase m'Cinyanja. Kuti mau amenewo atuluke m'kamwa mwa mlendo pafunika zaka zambiri za mbale zoyera, ndiwo zabwino ndi muyeso wosabera. Ndico cimene olemera a ku Tokyo agula ndi ndalama zao zija, ndipo ndico cimene mlimi wa nsomba wa ku Chongwe angayambe kugulitsa nyengo ino.